Safunsa anadya phula, nanga AI ikafunse kwa yani?

Ife amene tikuphunzira za kompyuta tinazolowera kuweruza pulogalamu ndi funso limodzi lokha: kodi ikuyenda? Code ikayenda, ma test akadutsa, aphunzitsi akaona pa sikirini kuti batani likudinika, timati ntchito yatha. Koma m'zaka zochepa zapitazi kwabwera mtundu wina wa ntchito umene funso limeneli silikwanira. Tsopano ambiri tikulemba zida zoti zigwiritsidwe ntchito ndi AI m'malo mwa munthu. Chida chotere chingathe kukhala ndi code yaudongo kwambiri koma n'kumalakwitsa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mizere itatu kapena inayi ya mawu wamba, imene nthawi zambiri imalembedwa mothamanga usiku woti mawa tikupereka project. Mizere imeneyo ndiyo kafotokozedwe ka chidacho. Maganizo anga ndi oti iyenera kuweruzidwa mokhwima ngati momwe timaweruzira code, ndipo woweruza wake asakhale amene anailemba.

Ndiyambe ndi momwe zinthuzi zimayendera, chifukwa anzanga ena amaganiza kuti AI imalowa yokha mu database n'kumakafufuza. Sizili choncho. Chimene timachitcha agent ndi model ya chilankhulo, monga Claude, GPT kapena Gemini, imene yapatsidwa mndandanda wa zida. Pa chida chilichonse model imaona zinthu zitatu: dzina lake, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi schema, yomwe ili ngati fomu yoonetsa zoyenera kudzaza kuti chidacho chigwire ntchito. Munthu akapempha kanthu, model imawerenga mndandandawo, imasankha chida, imadzaza fomuyo mu JSON, kenako pulogalamu yathu ndiyo imayendetsa chidacho n'kubweza zotsatira. Model imawerenga zotsatirazo n'kuona chochita china. OpenAI inaika njira imeneyi mu API yake mu June 2023 ndi dzina loti function calling. Mu November 2024 Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwachidule MCP, yomwe ndi ndondomeko imodzi yolumikizira zida ku ma model osiyanasiyana, ndipo mu 2025 OpenAI ndi Google nawonso anavomera kuigwiritsa ntchito. Choncho chida chimene wophunzira walemba ali mu hostel chingathe kuwerengedwa ndi model imene iyeyo sanaiyesepo n'kamodzi komwe.

Model imeneyi siona code yanu. Siona README, siona zimene munakambirana pa gulu la WhatsApp, ndipo sidziwa chimene mnzanu ankatanthauza pamene anatcha malo ena a pa fomu kuti `type`. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma apa tili ndi wotumidwa amene angathe kufunsa munthu womutuma yekha, osati mmisiri amene anasula chida. Womutumayo, kaya ndi mayi wa pa golosale kapena kalaliki wa pa sukulu, sadziwa chilichonse cha m'kati mwa chidacho. Ndiye kafotokozedwe kakasiya mpata, model imadzaza mpatawo ndi zongoganizira, ndipo imatero molimba mtima, m'Chingerezi chosalala bwino.

Semesita yatha aphunzitsi anatiuza kuti magulu tisinthane ma project, gulu lililonse liunike ntchito ya anzawo. Kwa ife kunabwera pulogalamu yothandiza msungichuma wa banki mkhonde kulemba mabuku. Msungichuma amalemba uthenga wamba, monga woti mayi wakutiwakuti apereka K20,000 lero, ndipo agent imalowetsa zimenezo mu kaundula. Lingaliro linali labwino ndipo code inali yosachititsa manyazi. Chida chachikulu chinali `add_payment`. Kafotokozedwe kake kanali mzere umodzi wa Chingerezi wongonena kuti chimawonjezera malipiro a membala, ndipo fomu yake inali ndi malo atatu: `member`, `amount` ndi `type`.

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa banki mkhonde akudziwa kuti ndalama zimene zimaikidwa pakati paja si zamtundu umodzi. Pali masheya, pali kubweza ngongole, pali chiwongoladzanja, pali za thumba la zadzidzidzi, palinso chindapusa cha wochedwa. Pogawana kumapeto kwa chaka, munthu amalandira molingana ndi masheya ake. Ndiye K20,000 yobweza ngongole ikalembedwa ngati masheya, mayi uja aoneka kuti akadali ndi ngongole, gawo lake pogawana lisokonekera, ndipo mkangano wake ubuka mu December pamene palibe amene akukumbukira za mu March. Titayesa, agent inkalemba mu `type` mawu aliwonse amene yaganiza, pena share, pena deposit, pena contribution. Uthenga ukapanda kunena mtundu wa ndalamazo, sinkafunsa, inkangosankha. Anzathu amene analemba anadabwa, chifukwa kwa iwo zonse zinali zodziwikiratu. N'chifukwa chake ndikuti wolemba sangakhale woweruza. Akamawerenga mzere umodzi uja, mutu wake umawonjezera zonse zimene dzanja lake silinalembe.

Kuyambira pamenepo, ndikapatsidwa chida choti ndiunike, ndimachifunsa mafunso asanu.

Liti ndichigwiritse ntchito, liti ndichisiye?

Ambiri timalemba chimene chida chimachita, n'kuiwala kuti model ikusankha pakati pa zida khumi kapena makumi atatu, zina zofanana ngati mapasa. Tiyerekeze kuti pali `get_member` ndi `search_members`. Choyamba chimafuna nambala yeniyeni ya membala, chachiwiri chimalandira dzina ngakhale lolembedwa theka. Zimenezi zikapanda kulembedwa, model ingathe kupeka nambala n'kuitana choyambacho. Kafotokozedwe kabwino kamatchula chida chinzake: ngati uli ndi dzina lokha, yamba ndi `search_members`, ndipo ukapeza anthu oposa mmodzi, funsa msungichuma kuti akunena uti. M'gulu la anthu 25 a mudzi umodzi n'zosadabwitsa kupezamo atatu a mfunda umodzi.

Akatswiri a pa University of California ku Berkeley, amene amayendetsa Berkeley Function Calling Leaderboard, akamayesa ma model saona kokha ngati model yaitana chida molondola. Amaonanso ngati ikudziwa kudziletsa pamene pa mndandanda palibe chida choyenera pempholo. Ngati oyesa ma model amaona kuti kudziletsa ndi luso lofunika kuliyeza, ife olemba zida tiyenera kupatsa model mawu oithandiza kudziletsako.

Malo aliwonse a pa fomu, muyeso wake ndi wotani?

`amount` ndi chiyani? Ndi kwacha kapena tambala? Funso limeneli limaoneka lachibwana mpaka mutadziwa kuti API ya Stripe imalandira ndalama m'kagawo kakang'ono kwambiri ka ndalamayo, kotero kuti 1000 pa ndalama ya ku America ndi $10. Model inaphunzira pa code yambiri yolembedwa motero, ndiye mukangokhala chete ingathe kuchulukitsa ndi 100 poganiza kuti ikuchita zolondola. Nanga kwacha yake ndi iti? Yathu ndi MWK, ya ku Zambia ndi ZMW, ndipo mphamvu zake n'zotalikirana kwambiri. Pulogalamu yotumikira ochita malonda a ku Mchinji ndi ku Chipata singangolemba kuti kwacha basi.

Masiku nawonso ali ndi msampha wawo. 03/04/2025 kwa ife ndi pa 3 April, koma kwa munthu wa ku America ndi pa 4 March. Kalembedwe ka ISO 8601, kamene kamayamba ndi chaka motere 2025-04-03, kamathetsa mkanganowo, pokhapokha mutanena kuti ndi kamene mukufuna. Nthawi ndi yathu kapena UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri? Ndalama yolowa 1 koloko ya usiku kutacha pa 1 April, mu UTC imakhala ya pa 31 March, mwezi wina. Nambala ya foni iyambe ndi +265 kapena ndi 0? Ngakhale dzina la malowo lili ndi ntchito. M'malangizo ake olembera zida, Anthropic imapereka chitsanzo choti `user_id` ndi bwino kuposa `user`, chifukwa loyambalo likunena lokha chimene likufuna. `member` wa anzathu uja akanatha kukhala dzina, nambala ya m'kaundula kapena nambala ya foni.

Vuto la muyeso silinayambe ndi AI. Mu September 1999 NASA inataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ya Lockheed Martin inkapereka manambala mu pound-force seconds pamene mbali ya NASA inkawawerenga ngati newton-seconds. Manambala ankadutsa bwinobwino kuchoka mbali ina kupita ina, popanda error iliyonse, mpaka chombo chinayandikira Mars mopitirira muyeso n'kutayika. Amenewo anali akatswiri okhoza kuimbirana foni. Agent ilibe nambala yanu.

Chikayenda, chimasintha chiyani?

Pa mafunso onse, ili ndi limene ndimaliona kuti n'lolemera. Kuona balansi ndi kutumiza ndalama zonse ndi kuitana chida, ndipo mu JSON zimaoneka zofanana. Koma china mungachibwereze kakhumi popanda vuto, pamene china mukachibwereza kawiri mwalipira kawiri. Aliyense amene anatumizapo ndalama pa foni netiweki ikuvuta akudziwa kamphindi kaja kamene sudziwa ngati zapita kapena ayi. Agent nayo imakumana ndi kamphindi komweko. Ikalandira timeout, chimene imachita kawirikawiri ndi kuyesanso. Kafotokozedwe kayenera kunena ngati kuyesanso n'kotetezeka, ndipo ngati si kotetezeka, kanene chida chofufuzira kaye ngati malipiro oyamba aja analowa.

MCP inawonjezera zizindikiro za nkhani imeneyi m'ndondomeko yake ya mu March 2025. `readOnlyHint` imanena kuti chida chimangowerenga. `destructiveHint` imachenjeza kuti chingafufute kapena kusintha zimene zilipo kale. `idempotentHint` imanena kuti kuitana kawiri ndi zomwezo sikuwonjezera kanthu. `openWorldHint` imanena kuti chidacho chimafika kunja, monga pa intaneti. Ndikaona chida chimene chimafufuta zinthu koma palibe paliponse pamene zanenedwa, kaya m'zizindikiro kapena m'mawu, kwa ine chalephera, ngakhale zina zonse zitalembedwa mokoma.

Chimabweza chiyani, makamaka zikalakwika?

Uthenga wa error ndi gawo la kafotokozedwe, chifukwa ndi umene model imawerenga ikaphonya. Uthenga wongoti 400 umaisiya mumdima, ndipo imayamba kusinthasintha zinthu mwachisawawa. Uthenga wonena kuti tsiku lalembedwa molakwika, lilembedwe motere 2025-04-03, umaibwezera pa njira nthawi yomweyo. Chimodzimodzi chida chikabweza mndandanda wopanda kanthu: kodi membalayo kulibe, kapena dzina lalembedwa mosiyana ndi la m'kaundula? Model ikapanda kuuzidwa, ingathe kulembetsa munthu yemweyo kachiwiri ngati membala watsopano.

Kukula kwa yankho nakonso n'kofunika kukunena. Chida chobweza mizere 5,000 pamene munthu wafunsa za membala mmodzi chimadzaza malo amene model imasungiramo nkhani yonse, ndipo zofunika zimamira. Anthropic inanena kuti mu Claude Code inaika malire a ma token 25,000 pa yankho limodzi la chida. Kwa ife pali chifukwa chinanso: ma token amalipiridwa m'madola. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44% mu November 2023, aliyense amene amalipira API ndi ndalama ya m'thumba mwake amadziwa kuwawa kwa token yotayika pachabe.

Kodi kakunena zoona, ndipo ndakawerenga konse?

Mafunso anayi oyambawa akuganizira kuti wolemba anali ndi mtima wabwino koma anafupikitsa. Lachisanu ndi la zida za anthu ena, zimene timangozitenga pa GitHub n'kulumikiza. Mu April 2025 kampani yofufuza za chitetezo ya Invariant Labs inaonetsa chimene inachitcha tool poisoning. Chida chawo chachitsanzo chinali chongophatikiza manambala awiri, koma m'kafotokozedwe kake munali malangizo ouza model kuti iwerenge mafayilo achinsinsi a pa kompyuta, kuphatikizapo kiyi ya SSH, iwatumize kudzera pa malo ena a pa fomu, ndipo isamuuze mwini kompyutayo. Munthu ankangoona dzina la chida ndi chidule chake pa sikirini, pamene model inkawerenga zonse. Anachenjezanso kuti mwini server angathe kusintha kafotokozedwe inu mutavomereza kale.

Malangizo oipawo anali omveka bwino kwambiri, ndipo n'chifukwa chake anagwira ntchito. Apa tikuona kuti kumveka bwino ndi kukhulupirika ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo woweruza ayenera kuyang'ana zonse. Ndondomeko ya MCP yomwe imachenjeza kuti zizindikiro zija zisakhulupiriridwe ngati zachokera ku server yosadalirika. Chida chingathe kudzitcha chongowerenga koma chikufufuta. Ndikaona kafotokozedwe kakulamula model kuchita zinthu zosakhudzana ndi ntchito ya chidacho, kapena kubisira munthu kanthu, sindipitiriza kuunika. Ndimachichotsa.

Malikisi si mayeso enieni

Mafunso asanuwa munthu angawasandutse mndandanda wopereka malikisi, ndipo ena amachita zimenezo: pulogalamu imaona ngati malo aliwonse a pa fomu afotokozedwa, kapena model ina imapemphedwa kupereka malikisi pa 10. Sindikutsutsa. Njira zotere zimagwira msanga zinthu zoiwalika, makamaka pamene zida zili zambiri. Koma ife ophunzira tikudziwa kuposa wina aliyense kusiyana kwa kukhoza mayeso ndi kudziwa ntchito. Malangizo a Anthropic amati kafotokozedwe kakhale ndi ziganizo zosachepera zitatu kapena zinayi. Munthu wofuna malikisi angalembe ziganizo zinayi zobwereza dzina la chida m'mawu ena, n'kukhoza. Model yopereka malikisi nayo sidziwa kuti ku banki mkhonde masheya ndi ngongole siziyenera kusakanizidwa, ndiye singaone kuti mfundo imeneyo yasowa. Chosowa chenicheni chimaoneka kwa munthu wodziwa ntchitoyo, kapena poyesa.

Ndiye ndimayesa kawiri. Kuyesa koyamba sikufuna intaneti kapena ndalama. Ndimalemba dzina la chida, kafotokozedwe ndi fomu pa pepala, n'kupatsa mnzanga wa ku faculty ina, wa zamalamulo kapena wa zaulimi, amene sanaonepo project yathu. Ndimamupatsa mauthenga asanu a msungichuma kuti adzaze fomuyo, ndipo lamulo n'loti asandifunse kanthu. Paliponse pamene waima n'kundiyang'ana, ndimaika chizindikiro, chifukwa pamenepo mpamene model ikanangoganizira.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa model yeniyeniyo. Ndimalemba mauthenga 20 kapena 30 monga momwe anthu amalembera, osati monga momwe ife timalakalakira kuti azilembera: Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, 20k m'malo mwa K20,000, dzina lolembedwa theka, uthenga umodzi wokhala ndi malipiro awiri. Ndimaikamo ena amene chida sichiyenera kuitanidwa n'komwe, ndi ena amene yankho lolondola ndi kufunsa munthu. Uthenga uliwonse ndimauyendetsa kangapo, chifukwa model siyankha mofanana nthawi zonse, ndipo kukhoza kamodzi kungakhale mwayi chabe. Kenako ndimawerenga zonse zimene yachita, ndikuwerengera kangati yasankha chida cholakwika, kangati yadzaza molakwika, kangati yaganizira m'malo mofunsa. Mauthenga ena ndimawasunga pambali osawagwiritsa ntchito pokonza, kuti ndidzaone ngati kusinthako kwathandizadi kapena ndangokonzera mafunso amene ndawaona kale.

Makampani akuluakulu nawonso amachita zomwezi, ndipo amapeza zinthu zimene kuwerenga kokha sikukanaonetsa. Mu December 2024 Anthropic inafotokoza kuti pokonza agent ya mayeso a SWE-bench, inataya nthawi yambiri pa zida kuposa pa prompt. Anaona kuti model inkasochera ndi njira zachidule za mafayilo ikachoka mu folder yoyambira, ndiye anasintha chidacho kuti chizifuna njira yonse ya fayilo kuyambira ku mizu, vuto n'kutha. Mu 2025 anafotokozanso kuti atatulutsa chida chofufuzira pa intaneti, Claude inkawonjezera 2025 pa mawu ofufuzira popanda chifukwa, zimene zinkapotoza zotsatira, ndipo anakonza posintha kafotokozedwe ka chidacho. Zonse ziwiri zinadziwika poyang'ana zimene model ikuchita.

Anzathu a banki mkhonde aja atakonza, kafotokozedwe kawo kanali ndi mfundo izi: chidachi chimalemba ndalama imodzi yolandiridwa kuchokera kwa membala mmodzi, ndalama ilembedwe m'makwacha a Malawi athunthu, membala atchulidwe ndi nambala yake yochokera ku `search_members`, ngati uthenga sukunena mtundu wa ndalama, funsa msungichuma usanalembe, kuitana kawiri kumalemba kawiri, pokonza cholakwika pali chida china. Mu `type` anaikamo mawu asanu okha ololedwa. Code ya m'kati sanaisinthe kwenikweni, koma pa mauthenga omwe aja agent inayamba kufunsa pamene poyamba inkangosankha.

Zimene anzanga amanditsutsa nazo

Ena amati ma model akuchenjera chaka ndi chaka, ndiye posachedwa adzamva okha. N'zoona kuti akuchenjera. Koma nzeru sizipanga mfundo imene palibe. Ngakhale pulofesa wanzeru bwanji, mukamupatsa nambala 500 popanda kumuuza kanthu, sangadziwe ngati ndi kwacha ya kuno kapena ya ku Zambia. Model yochenjera kwambiri imangoganizira mwanzeru kwambiri, ndipo cholakwa chake chimavuta kuchiona chifukwa chimaoneka chomveka.

Ena amati m'malo modalira mawu, tseka njira yolakwikayo mu code. Apa ndimagwirizana nawo ndithu. Ku Toyota, Shigeo Shingo anatchukitsa njira yotchedwa poka-yoke, yopanga chipangizo mwakuti n'kovuta kuchigwiritsa ntchito molakwika. Ngati mitundu ya malipiro ndi isanu, ikani enum ya mawu asanuwo kuti lachisanu ndi chimodzi likanidwe. Ngati kutumiza ndalama kukufuna chilolezo cha munthu, chilolezocho chikhale mu pulogalamu, chisadalire kumvera kwa model. Koma schema ingakane mawu osaloledwa, singadziwe kuti share yasankhidwa pamene zinali zobweza ngongole, poti onsewo ndi ololedwa. Tanthauzo limatsala m'mawu.

Enanso amati kafotokozedwe kataliatali kamadya ma token, poti kamatumizidwa limodzi ndi pempho lililonse. N'zoonanso, ndipo n'chifukwa chake sindiweruza ndi kutalika. Chiganizo chilichonse chiyenera kuletsa cholakwa china chimene ndingachitchule. Chiganizo chotamanda chida kuti n'champhamvu ndiponso chamakono sichiletsa kanthu, chichotsedwe. Kawirikawiri mankhwala enieni ndi kuchepetsa zidazo, chifukwa zida zisanu zosiyana bwino n'zosavuta kufotokoza kuposa makumi awiri zolowana.

Pali funso limene limabwera nthawi zonse tikamakambirana izi: tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Ma model alipo panopa anaphunzira pa Chingerezi chochuluka kwambiri kuposa Chichewa, ndiye ine kafotokozedwe ndimalemba m'Chingerezi. Koma ndimaikamo mawu amene ogwiritsa ntchito adzalembe, n'kunena malo ake pa fomu: masheya apite apa, chindapusa apa, kubweza apa. Mfundo zoterezi injiniya wa ku San Francisco sangazilembe, chifukwa sanakhalepo pansi pa mtengo pamene gulu likuwerenga ndalama. Pamenepa ndi pamene wophunzira wa kuno ali ndi chopereka chimene sichipezeka pa GitHub.

Ambiri mwa ife tikamaliza sitidzapanga ma model. Tilibe makompyuta ake ngakhale ndalama zake. Chimene tidzapatsidwe ndi kulumikiza ma model opangidwa kale ku kaundula wa chipatala, ku mabuku a SACCO, ku sitolo ya mankhwala a mbewu. Agent ikalemba ndalama ya munthu pa dzina la mnzake, abwana sadzaimbira foni ku California. Adzaitana amene analemba chidacho, ndipo mizere inayi ija ndi imene idzatsegulidwe poyamba.

Ndiye pempho langa kwa anzanga amene muli pa project ya chaka chomaliza ndi laling'ono. Musanaonetse demo, sindikizani kafotokozedwe ka chida chilichonse pa pepala limodzi, mupatse munthu amene sanakhalepo pa misonkhano ya gulu lanu, ndipo mukhale chete pamene akuwerenga. Mafunso amene adzafune kukufunsani alembeni, mayankho ake muwaike m'kafotokozedwemo, kenako muyese ndi model kangapo. Kwa aphunzitsi athu, ndikanakonda kuti pa pepala la malikisi a project pakhale mzere wa zimenezi, pafupi ndi mzere wa ma test.